Amalume Anafuna Kukapumira ku Nyanja ya Mchere

Amalume anga, mlongo wawo wa mayi anga, ankadana ndi kuzizira kuposa mmene ankadanirana ndi munthu aliyense, ndipo anthu odana nawo sankasowa. Ndinawapeza ku Nairobi chapakati pa zaka za m'ma 1990, nditapeza malo pa yunivesite ina ya kumeneko. Iwo ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu la mayiko ambiri, ndipo ankachita lendi nyumba ku Ngong, m'munsi mwa mapiri, kumene mphepo ya mu Julaye imakulowa mpaka m'mano. Anali ndi mphumu. M'mawa ndikawapatsa moni pakhomo la chipinda chawo, chifuwa chinkayamba kuyankha iwo asanatsegule pakamwa.

"Mwadzuka bwanji amalume?"

"Ndadzuka. Koma ndikadzapuma, ndidzapuma."

Nthabwala yawo inali imodzi yomweyo chaka chonse. Kupuma pa ntchito ndi kupuma mpweya wabwino, zonse ankazidikirira tsiku limodzi. Ine sindinkaseka. Ndinabwera ku Nairobi ndili nawo chakukhosi, chifukwa mayi anga atamwalira kwathu ku Dedza, amalume sanabwere kumaliro. Anati ali ku ntchito kumalire a Sudan, ndege kulibe. Anatumiza uthenga ndi ndalama ya bokosi. Mlongo wawo mmodzi yekhayo anaikidwa iwo kulibe, ndipo ine, ngakhale ndinkadya mpunga wawo ndi kukwera galimoto yawo, nkhaniyo sinandichoke.

Kwathu anachokako ali mnyamata wa sekondale, ndipo sankakutchula kawirikawiri. Tsiku lina lokha, tikusenda mbatata kukhitchini, anandifunsa ngati msuweni wawo wina akadali moyo, mwana wa malume awo amene anakulira m'mudzi mwathu momwemo popeza amayi ake anabwera chitengwa. Ndinati alipo, amagulitsa kachewere pamsewu. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyo pakamwa pake ndi tsabola wa kambuzi. Ankanditcha mwamuna wake wachabechabe ndikadali ndi kabudula wong'ambika."

Atatero anabwerera ku mbatata zawo, ndipo sanamutchulenso.

Kopumira anali atakukonza kale. Akazi awo, amene ine ndinkawatcha anti, anali a ku Balaka, kotentha kokomera chifuwa, ndipo amalume anamanga nyumba kumeneko, pamalo a akuchikazi, monga amachitira mkamwini aliyense. Inali ya njerwa zootcha, khonde lalitali, thanki ya madzi pamwamba. Chithunzi chake chinkakhala pamwamba pa firiji. Mulungu sanawapatse mwana, koma sindinawamvepo akudandaula. Tikatha kudya anti ankasoka, amalume n'kumawafotokozera pomwe adzadzale mango ndi pomwe mbuzi sizidzaloledwa kufika.

Anti anamwalira ine ndili chaka chachitatu, ndi matenda a shuga amene ankawanyalanyaza. Amalawi a mu Nairobi tinasonkhana ku Ngong, amayi anaimba nyimbo za maliro za kwathu, Akenya oyandikana nafe anabwera ndi tiyi m'mafulasiki n'kumangoti pole, pole, pepani wa kwawoko. Amalume anaperekeza thupi ku Balaka. Patapita miyezi anapitanso komweko kukasudzulidwa, monga mwa mwambo munthu akaferedwa mkazi.

Anabwerako ndi sutikesi imodzi ndi mpando wa ndalema womanga ndi chingwe. Ndinakawachingamira ku bwalo la ndege, ndipo nkhani anaiyamba tikudutsa dera la Karen.

"Andimasula," anatero. "Akuti ndine mfulu, nditha kukwatira kulikonse. Anayankhula mwaulemu kwambiri, palibe anakweza mawu. Makiyi ndinapereka kwa mlamu wanga ndi manja awiri."

"Nyumba yonse ija?"

"Nyumba ili pa dothi la eni ake. Ukanaisenza iweyo?"

Ndinapsa mtima. Ndinanyoza anthu a ku Balaka onse, ndi mbuzi zawo zomwe, iwo n'kungondisiya. Nditatopa ndinati basi, mudzapite kwathu ku Dedza, mwinimbumba ndinu, poika mutu sipangasowe. Apa m'pamene anandiuza kuti ku Dedza anadzerako. Anachita hayala galimoto ku Lilongwe kuti akaone manda a mlongo wawo, aonenso ngati pali poti n'kudzakhala. Atatsika pafupi ndi mjigo, nkhalamba ina yopanda mano, itavala chijuzi chachimuna, inasiya kupopa madzi n'kuyamba kuwayang'ana kuchokera ku nsapato.

"Inati, 'Mtchona uja ndi uyu. Akuthamangitsa kuchikamwini eti? Kuno usayerekeze, minda inatha, ndi kumanda komwe kunadzaza. Bwerera komwe unkadya batala.' Amayi onse pamjigo anaseka. Ndi ana omwe," anatero amalume.

"Anali ndani ameneyo?"

"Ndikanadziwa bwanji? Onse anakalamba mofanana."

Anakhala pang'ono pakhonde la achimwene anga, anakaima pamanda, n'kukwera galimoto yomwe ija dzuwa lisanapendeke. Liwu la mtchona ine silinandipweteke mmene linawapwetekera iwo. Munthu wopita kunja n'kuiwala kwawo amatchedwa chomwecho, ndipo ndinkaona kuti dzinalo analigwirira ntchito. Koma za kumanda zija zinandiwawa. Achimwene anga nawo anadzandifotokozera ulendowo mwa njira yawo. Akuti amalume anakhala pampando ngati pali minga, madzi akumwa anakana, anyansidwa ndi fumbi lathu. Za pamjigo sanazitchule, popeza iwo kunalibe.

Chithunzi cha pa firiji chija chinachoka. Zaka zopuma pa ntchito zinkayandikira, ndipo bambo wa tsitsi loyera, wodziwa mabwalo a ndege a theka la Africa, analibe kolowera.

Dziko la Apwitikizi, kwawo kwenikweni kutsidya kwa nyanja, linalowa m'nyumba mwathu kudzera mwa mzungu wina wa ku ofesi kwawo, amene anapuma n'kukakhazikika kumeneko. Anawaitana kuti akacheze. Amalume anatenga tchuthi, ndipo anabwerako akukwera masitepe osaima panjira, atanyamula zitini za nsomba ndi kathailosi ka maluwa obiriwira komwe anakaika pa firiji paja.

"Iwe, kumeneko n'kotentha koma kopanda udzudzu. Kamzinda kake n'kakalekale, kali ndi linga la miyala, misewu yake yopapatiza ngati ya ku Kawangware koma yosesa, nyanja ili mmunsi momwemo. Chipinda ndi khitchini, lendi yake siifika ya kuno. Nsomba amachita kukukakamiza. Penshoni imene kuno ingandithere ku mankhwala, kumeneko ndingaidye mpaka kufa. Ndipo masiku onse amene ndinakhalako, kampope ka mphumu sindinakagwire."

"Nanga anthu ake?"

"Anthu ndiye chokoma chake. Palibe amakufunsa kuti ndiwe wa kwa ndani. Nkhalamba zimangokhala pabenchi kuyang'ana madzi. Ukazipatsa moni zimayankha, ukapanda kuzipatsa sizikwiya."

Chimene iwo ankachitcha chokoma, ine chinandichititsa nthumanzi. Ndinawafunsa funso limene Mmalawi aliyense akanafunsa, loti mukakafa akakuikani ndani. Anayankha mosavutika, ngati ndawafunsa pokwerera basi. Akuti ndi kumanda komwe anakaonako. Kumeneko ena amawaika m'khoma, m'madilowa osanjikizana, chitseko cha mwala, kachithunzi ndi maluwa a pulasitiki. Ukalipiriratu, kampani imachita zonse. Safuna adzukulu okumba, ndipo palibe wodzaima pamenepo n'kumafunsa kuti malemuwa anali kuti pamaliro a uje.

"Ndiye inu amalume mukalowe m'dilowa ngati masokosi?"

"M'dilowa mulibe woseka munthu," anatero, n'kutsegula chitini cha nsomba.

Anagula makaseti ophunzitsa Chipwitikizi. Amene anayendapo pa msewu wa Ngong m'mawa masiku amenewo akudziwa mmene magalimoto ankathithikanira, maminibasi otchedwa matatu akudzera m'mbali ndi m'ngalande, makondakitala akumenya zitseko. M'kati mwa phokoso limenelo, m'galimoto yathu munkamveka mawu a mayi wina wa m'kaseti akufunsa kumene kuli sitima, amalume n'kumabwereza pang'onopang'ono, milomo itasongoka. Zaka zonse zimene anakhala mu Nairobi, Chiswahili chawo chinathera pa kufunsa bei gani ndi kukana mtengo umene auzidwa. Koma Chipwitikizi anachilimbikira ngati mwana wa Sitandade 8. Mlonda wa pageti ankamupatsa moni wa bom dia, mlondayo n'kumangovomera poganiza kuti ndi Chimalawi.

Ine ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya ku Kawangware, ndinasamukira kufupi ndi kumeneko. Kwa amalume ndinkapita Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Anapuma pa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anzawo anawachitira phwando, anawapatsa bulangeti lofiira la Amasai, iwo n'kulipereka kwa mayi wokolopa mu ofesi asanatuluke pageti. Kumene ndikupita n'kotentha, anatero. Galimoto anagulitsa. Majuzi, chikhothi chachitali ndi hita ya magetsi anapereka ku tchalitchi kuti zithandize osowa. Nyumba ya ku Ngong anaisiya n'kukapeza kanyumba ka zipinda ziwiri ku Rongai, kuseri kwa mashopu, akuti n'kongodikirirapo miyezi yochepa. Katundu yense anali m'makatoni omata bwino. Panja pa makatoni panali bedi, mpando wa ndalema uja ndi wailesi ya makaseti.

Chilolezo chokakhala kumeneko ndiye chinavuta. Ankafuna umboni woti munthu akadwala alipo womulipirira kuchipatala, ndipo makampani oona zimenezo akangomva zaka zawo ndi liwu loti mphumu, ena ankakana, ena ankatchula mtengo womeza kutchipa konse kumene amalume ankakuthamangira. Dzikolo nalo linali litasintha ndalama, ndipo mzungu uja ankati zinthu zayamba kukwera. Kenako mzunguyo anachita sitiroko, ana ake anabwera n'kumutengera kwawo kozizira. Ndinauza amalume kuti mwaona, ngakhale iyeyo pomaliza amutenga ndi abale ake. Anandiyankha kuti ameneyo anali ndi ana.

Miyezi yochepa ija inasanduka zaka. Ku Rongai nthawi yadzuwa n'kwafumbi la malole onyamula miyala, nthawi yamvula n'kwamatope akuda omata nsapato, ndipo zonse ziwiri chifuwa chawo sichinkazifuna. Anaonda. Kolala ya shati inayamba kuwakulira. Tsiku lililonse lantchito ankakwera matatu kupita m'tauni kukafunsa za chilolezo, atavala tayi, n'kubwerako ndi nkhani yoti akuti tidikire pang'ono. Amalawi anzathu ku tchalitchi anasiya kuwafunsa kuti mukunyamuka liti. Ena achinyamata ankawatcha Mpwitikizi iwo akatembenuka, ndipo tsiku limene ndinawamva ndinawayankha mawu osayenera pakhomo la tchalitchi.

Ndinayesa zonse. Ndinati bwerani muzikhala nane, anakana poti mwamuna sakhala pakhomo pa mwana wa mlongo wake ngati katundu. Ndinati pitani ku Mombasa, nyanja ndi yomweyo ya mchere, linga la Apwitikizi liliponso, anati kumeneko chinyezi ndi malungo. Ndinati ndiye tiyeni ku Dedza, ndikakuperekezani ndekha, kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

"Njoka imeneyo sinauzidwe pamjigo kuti kudzenje kwadzaza," anatero.

Lamulungu lina mu Julaye, kunja kuli chifunga ndi kamvula kowaza, ndinawapeza atakhala pa ndalema pakati pa makatoni, atavala shati ya manja aafupi, mbaula ya makala ikufuka mazenera ali otseka. Mayi wa m'kaseti ankafunsa mtengo wa malalanje. Amalume ankayesa kubwereza koma mpweya unkawathera pakati pa chiganizo. Ndinatsegula zenera, ndinatulutsa mbaula, ndinakalipa mpaka mayi woyandikana nawo anasuzumira. Ndinatenga mpeni n'kung'amba katoni kufuna bulangeti lowonjezera. Munali mashati a manja aafupi okhaokha, opinda bwino. Ndinang'amba ina, munali chipewa cha dzuwa, masandasi ndi mabuku.

"Usatsegule iwe, ndinamata bwino," anatero, mawu akuchita kukoka.

Ndinawafunditsa chitenje changa ndi juzi yanga ya maluwa. Anaoneka oseketsa, ndipo ndinalira chifukwa cha mkwiyo ndi chisoni pamodzi.

Sabata yomweyo chinasanduka chibayo. Kuchipatala anawaika chopumira kumaso, ndipo ndikapita kukawaona masana ankachikweza pang'ono kuti ayankhule. Tsiku lina anandikoka dzanja.

"Zikavuta usandibweze kumene sandifuna. Ku Lang'ata manda alipo. Kumeneko safunsa."

Anamwalira masana a tsiku lantchito, ine ndili m'kalasi. Amene anabwera kudzandiuza anali mkulu wina wa mpingo, Mmalawi mnzathu, amene anaima pakhomo la ofesi ya aphunzitsi atagwira chipewa m'manja. Anasankha liwu laulemu limene timasankha tonse. Anati amalume apuma. Bamboyo sankadziwa za nthabwala ya ku Ngong ija, ndipo anadabwa kuona mmene liwulo linandigwetsera pansi.

Mawa lake Amalawi anasonkhana ku Rongai. Mipando kunalibe, anthu anakhala pa makatoni. Uthenga wa maliro ndinali nditautumiza kale kwathu, koma funso la koika linali lisanayankhidwe. Ku Balaka kunali kosatheka, munthu anasudzulidwa. Ndinawauza zimene malemu ananena za ku Lang'ata, ndi chifukwa chake. Akuluakulu anayang'anana. Mkulu wa mpingo uja anati mawu a malemu tawamva, koma sitingaike munthu m'dziko la eni tisanamve pakamwa pa abale ake kuti amukana. Masiku amenewo mafoni am'manja anali atafika kumudzi, ndipo achimwene anga anali nayo. Ndinatuluka panja, ndinaima pafupi ndi ngalande, ndinaimba.

Kumbuyo kwa mawu awo ndinamva amayi akuimba. Anali atasonkhana kale pasiwa. Ndinafunsa mosazungulira ngati thupi alilandira.

"Funso lanji limenelo?" anatero achimwene. "Adzukulu akungodikira tsiku."

Ndinawauza za pamjigo, liwu ndi liwu, monga amalume anandiuzira tikudutsa Karen. Ndinamva achimwene akufotokozera anthu, kenako phokoso, kenako nyimbo inaleka. Wina analanda foni, ndipo mawu amene anabwera anali a nkhalamba, otuluka pakamwa popanda mano. Ndinawazindikira. Anali mayi ogulitsa kachewere aja, msuweni wa amalume.

"Ndiwe mwana wa malemu mlongo wake? Pamjigo paja ndinali ine. Ndinamuputa ndine. Msuweni wanga ameneyo, mwamuna wanga, unkafuna ndimulandire bwanji, ndigwade? Chisuweni chake n'chomwecho. Ndinkadikira andibwezere, anene za mano angawa, anene za chijuzi, tiseke, ndimutengere chikwama. Iye kungoyang'ana pansi ngati mlendo. Madzulo ndinapita ndi nkhuku, ndinapeza mapazi a matayala okha."

"Sanakuzindikireni amayi," ndinatero.



"Sanandizindikire," anabwereza. "Ine ndinkati wakula mtima, tsiku lina adzabwera kudzandibwezera. Dimba la amayi ake ndakhala ndikukangana ndi anyamata kuti asagawane, mwini wake alipo. Kumanda malo ake ali pambali pa mlongo wake, tinawasiya tsiku lomwe tinaika uja. Zaka zonsezi amakhala kuti?"

Ndinayang'ana kanyumba kaja, chitseko cha malata, nsapato za anthu zitaunjikana pakhomo. Ndinati amakhala konkuno, amadikira ulendo.

"Bwera nayeni," anatero. Anayesa kubwerera ku chisuweni chija. "Umuuze mtchona ameneyo kuti akafika andipeza, sindinathane naye." Pamenepo analephera, ndipo kulira kwawo ndinakumva mpaka achimwene anadula foni.

Ndinatsala ndekha pangalandepo. Ndinakwiyira nkhalamba ija chifukwa cha pakamwa pake, ndinakwiyira amalume chifukwa chophunzira moni wa Apwitikizi ataiwala wa kwawo, ndipo panalibe woti ndimukalipire. Nditalowa m'nyumba anthu anandiyang'ana, mkulu wa mpingo anafunsa kuti akuti bwanji. Ndinati akuti malo alipo, analipo nthawi yonseyi.

Amayi anandiuza kuti ndipeze zovala zowaveka. Tinang'amba makatoni onse otsala, imodziimodzi, ndipo jekete sitinalipeze. Mawa lake m'mawa ndinapita pa kaunjika wa ku Kawangware. Wogulitsa anandionetsa majekete opepuka, akuti ndi amene ali m'fasho. Ndinasankha lolemera kuposa onse, laubweya, chifukwa kwathu ku Dedza mu Julaye kumazizira kuposa ku Ngong.